Kukaona Chitsime cha Beereseba Adada Ali pa Lole

Foni inalira ndili pakati pa mizere ya tsabola, kireti ili pafupi kudzaza. Linali Lachisanu m'mawa, mwezi wa Febuluwale. Nthawi imeneyo ndinali ku Israeli, kumene ndinapita ndi Amalawi anzanga angapo kukaphunzira ulimi wothirira. Tinkakhala pa famu ina m'chigwa chouma cha Arava, kummwera kwa dzikolo. Tsiku limodzi pa sabata tinkakhala m'kalasi, masiku enawo tinkagwira ntchito m'minda yofoleredwa ndi mapulasitiki.

Woimbayo anali mlongo wanga wamwamuna Wongani, wobadwa pambuyo panga, amene ali ndi banja lake kwathu ku Nthalire. Wongani sankaimba wamba, chifukwa kwathu netiweki imapezeka malo ochepa. Nditangoona dzina lake ndinasiya kireti n'kuyankha.

Anati adada akhala akusanza kuyambira Lachitatu, ndipo chotupa chimene anali nacho kalekale pansi pa mimba chalimba ngati mwala, sichikubwereranso m'kati. A pachipatala chaching'ono cha kwathu anawapima n'kunena kuti matumbo atsekeka, akufunika opaleshoni ku Chitipa boma tsiku lomwelo. Ambulansi inali itapita dzulo lake ndi mayi wina woyembekezera, ndipo inali isanabwerere chifukwa cha matope. Wongani anali atapempha malo pa lole ya wamalonda wina wonyamula nyemba. Anayala matiresi pamwamba pa matumba n'kuwagoneka adada pamenepo.

Adada moyo wawo wonse anali okumba zitsime. Kuchokera ku Nthalire mpaka ku Wenya kuli midzi yambiri imene imamwa madzi a m'maenje amene iwo anatsikamo ndi piki yaifupi, chingwe chili m'chiuno. Mijigo itabwera ntchito inachepa, koma iwo sanasiye. M'Baibulo lawo masamba akuda kwambiri ndi zala anali a nkhani za Abrahamu ndi Isaki, pamene ankakumba zitsime n'kumalimbirana ndi anthu a m'dzikomo. Tsiku limene ndinkanyamuka, abale ena anapempha mafoni, ena majekete. Adada anapempha chinthu chimodzi: ndikaone chitsime cha ku Beereseba, ndidzawauze kukula kwa kukamwa kwake, kuzama kwake, ndi chimene anamangira m'mbali mwake.

Sukulu inkatitenga kukaona malo akale. Tinafika ku Yerusalemu, tinakwera phiri la Masada, tinaona mabwinja a m'mbali mwa nyanja ya Galileya. Zithunzi ndinkatumiza, Wongani n'kumawaonetsa. Akuti ankaziyang'ana bwinobwino, kenako n'kufunsa za chitsime. Ku Beereseba ndinali nditadutsako posintha basi, koma kuchitsimeko ndinali ndisanafike.

Wongani anawapatsa foni. Mawu awo ankamveka ngati akuchokera pansi pa dzenje.

"Tawonga, mwana wane, wapita kuchitsime kuja?"

"Sindinapite, adada."

Ndinkamva injini ya lole ikulira. Kenako anati, "Pita lero. Ukafika undiimbire. Ndikhala maso."

Wongani atatenganso foni anandiuza chapansipansi kuti adada akumakomoka pang'ono n'kutsitsimuka, ndipo akatsitsimuka palibe china chimene akunena koma chitsimecho. Anandipempha kuti ndipite basi, mwina ziwathandiza kugwira mtima panjira.

Ndinkadziwa kuti chitsime sichichiza matumbo. Koma kukwera ndege sindikanatha, kukankha lole ku Nthalire sindikanatha, ndipo kupitiriza kuthyola tsabola ngati palibe chachitika ndiye sindikanatha n'komwe. Ndinapita kwa mwini famu manja ali ndi dothi. Anandilola, koma anandichenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, linali Lachisanu, ndipo dzuwa likangopendeka mabasi onse amasiya kuyenda chifukwa cha Sabata mpaka Loweruka madzulo. Chachiwiri, usiku kumapiri kunagwa mvula yambiri, msewu ukhoza kutsekedwa. Ndinavala jekete, ndinatenga chikwama ndi botolo la madzi, ndinathamangira kumsewu waukulu.

Pamalo okwerera basi panalibe munthu. Kumwamba kunali mbee, mvula ngakhale dontho, ndipo ndinaganiza kuti mwini famu amangondiopseza. Ndinaima, ndinakhala pansi, ndinaimanso. Magalimoto opita kumpoto, kumene ine ndinkalowera, ankadutsa amodziamodzi, pakapita kanthawi omwewo n'kumabwerera. Bambo wina wa ku Thailand wogwira ntchito pa famu yoyandikana nafe anaima ndi thirakitala yake n'kundionetsa kanema pa foni. Madzi ofiira anali akudutsa pamwamba pa msewu, atanyamula miyala ndi zitsamba. Kumeneko mvula ikagwa kumapiri nthaka simwa madzi, onse amatsikira m'chigwa nthawi imodzi. Basi sinali kubwera.

Uthenga wa Wongani unalowa. Anali atanyamuka pa Nthalire, mvula ikugwa, adada atawafunditsa tenti ya pa lole. Mwezi umenewo nthawi ya kumeneko ndi ya kwathu imafanana, choncho dzuwa limene linkandithera ine ndi lomwe linkawathera iwo.

Bambo wa thirakitala uja anandikweza mpaka pamalo opakira tsabola, n'kulankhula ndi dalaivala wina wachikulire amene anali kumanga zitseko za lole yake. Dalaivalayo Chingerezi ankachidziwa pang'ono. Ndinangoti Beereseba, n'kumuonetsa chithunzi cha adada, n'kugwira pamimba panga. Anandiyang'ana, anachotsa zikwama pampando wakutsogolo, ndinakwera. Ndalama anakana.

Titafika pamsewu waukulu anakhotera kummwera. Ndinamugwira mkono n'kuloza kumbuyo, kuti Beereseba ali uko. Anandijambulira ndi chala pa galasi kuti njira yachidule yatsekedwa, tiyenera kutsika kaye kummwera, tikhotere kumadzulo, kenako tikwere mapiri. Ulendo umene masiku onse ndi waufupi unasanduka wozungulira. Ndinaona famu yathu ikudutsa pawindo kachiwiri.

Pamsewu wa kumadzulowo ndinaona chikwangwani cholembedwa kuti Parana. Dzina limeneli ndinalimva koyamba ku Sande sukulu, ndipo tsiku lina lililonse ndikanapempha kuti tiime ndijambule. Tsiku limenelo ndinangoona miyala ndi mchenga, maso ali pa foni.

Sitinapite patali, tinapeza mzere wa magalimoto. Apolisi anali atatseka pamalo pamene khwawa limadutsa pamsewu, akudikira kuti madzi aphwe. Anthu anatsika m'magalimoto mwawo ndi ana, ena ndi mipando ndi makapu a khofi, n'kumajambula madziwo mosangalala. Kwa iwo chinali chionetsero, poti madzi oyenda m'chipululu saoneka kawirikawiri. Ine ndinapita kwa wapolisi wamkazi kukafunsa kuti titsegulidwa nthawi yanji. Anangotambasula manja. Ndinabwerera ku lole, ndinapitanso kukafunsa, anandiyankha chimodzimodzi. Ndinaika kamwala m'mphepete mwa madziwo kuti ndizionera ngati akuphwa. Kamwalako kanamira.

Ndili pomwepo Wongani anaimba. Lole inali itatitimira asanafike pa Wenya, matayala akumbuyo alowa mpaka pa chitsulo. Amuna onse anali kutsitsa matumba a nyemba kuti ipepuke, ena akudula nthambi zoika pansi pa matayala. Adada anawanyamula ndi matiresi omwe n'kuwagoneka pakhonde la nyumba ina ya m'mbali mwa msewu, ndipo mayi wa panyumbapo anali kuwapukuta nkhope. Ndinamufunsa ngati palibe njinga yamoto. Anati zilipo, koma adada sangathe kukhala tsonga ngakhale pang'ono. Ndinamuuza kuti awaike foni kukhutu.

Adada anandifunsa pamene ndafika. Ndinawauza kuti ndili m'chipululu cha Parana. Anafunsa ngati kuli madzi, ndipo ndinati lero achuluka mpaka atitsekera njira. Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera m'kubuula, ndipo ndinamva Wongani akuwauza kuti agone chammbali. Foni inaduka. Ndinakhala pa tayala la lole n'kulira, anthu a makapu a khofi aja akundiyang'ana. Dalaivala anabwera n'kuima patsogolo panga kunditchinga.

Pamene apolisi ankatsegula, dzuwa linali litadutsa kale pamutu. Tinawoloka pang'onopang'ono, matope akuwaza m'mbali. Msewu unatsikira m'chigwa chachikulu chozunguliridwa ndi maphompho, kenako unayamba kukwera mokhotakhota. Lole yodzaza inkakwera ngati ikukwawa, magalimoto ang'onoang'ono akutipitirira. Ndinkadzipeza ndikukankha ndi mapazi pansi, ngati ndingaithandize.

Pamwamba pa phompholo pali tauni yotchedwa Mitsipe Ramoni. Dalaivala anaima pamalo omwetsera mafuta, nazimitsa injini. Anandifotokozera movutikira kuti kwawo ndi komweko. Madzi aja anamuchedwetsa, sakanathanso kukafika kumsika ndi kubwerera Sabata isanayambe, choncho lole igona pompo mpaka Loweruka usiku. Ndinamupempha, ndinamuonetsa ndalama zonse zimene ndinali nazo. Anapukusa mutu, ndipo ndinaona kuti zikumupweteka. Anandigulira tiyi ndi buledi, anayenda nane mpaka pokwerera basi, n'kufunsa anthu amene anali pamenepo. Anati kwatsala basi imodzi.

Inabwera yodzaza ndi asilikali achinyamata opita kwawo kukapuma, ambiri ali m'tulo, mfuti zili pamiyendo. Nditagunditsa khadi langa la basi pa makina, linakana. Ndinagunditsanso, linakananso. Munalibe ndalama, ndipo woyendetsa anati za m'manja salandira. Anthu a kumbuyo kwanga anayamba kung'ung'udza. Ndinagwira chitsulo cha pakhomo ndi manja onse awiri, ndipo mumtima ndinati wonditsitsa achite kundinyamula. Mtsikana wina wa yunifomu, wamng'ono kwa ine, anatambasula mkono n'kugunditsa khadi lake. Sanandiyang'ane n'komwe, anabwerera kukagona.

Ndinaima njira yonse. Tinadutsa mabwinja a mzinda wina pamwamba pa phiri, ndi chikwangwani china cholembedwa kuti Zini, dzina linanso la m'Baibulo. Basi inkaima paliponse kutsitsa msilikali mmodzi, ndipo aliyense ankachedwa kutulutsa chikwama chake pansi.

Wongani anaimbanso. Anali atatuluka m'matope muja, atapakiranso matumba, atadutsa pa Wenya, koma chakufupi ndi Chisenga chitsulo cha kunsi kwa lole chinathyoka. Mwini lole anati pafunika kuitanitsa china ku boma, ndipo iye sakanasiya nyemba zake pamsewu. Adada anali atayamba kusanza zakuda zonunkha, ndipo mawu awo sankamvekanso bwino. Wongani, amene sindinamumvepo akulira chikulireni, anati, "Asisi, ine nzeru zandithera." Ndinamuuza kuti aime pakati pa msewu, galimoto iliyonse yobwera asaipatse njira. Anati foni yake yatsala pang'ono kuzima, ndipo kutsogoloko netiweki ndi yovuta. Ndinamuuza kuti awauze adada kuti ndatsala pang'ono kufika.

Pa depoti ya ku Beereseba ndinapeza akutseka mashopu, anthu akuthamanga ndi mikate ndi maluwa. Ndinakwera takisi yoyamba imene ndinaiona n'kunena kuti chitsime cha Abrahamu. Mtengo umene ananena unali wa tsiku lathunthu la kuthyola tsabola, koma sindinanenerere. Sitinachedwe, anaima pa nyumba ina yamakono pakati pa tauni, pafupi ndi msewu wodzaza magalimoto. Geti linali lokhoma. Ndinagogoda, ndinagwedeza zitsulo, ndinazungulira kumbuyo. Munalibe munthu.

Wa takisi uja anali asanachoke. Anatsitsa galasi n'kundifunsa kuti ndikufuna chitsime chiti kwenikweni, poti zilipo ziwiri. Ichi n'cha m'tauni, chimene anachimangira nyumba ya alendo. China chili kunja kwa tauni, pa chitunda pamene akatswiri anafukula mzinda wakale. Koma anati kumenekonso Lachisanu amatseka msanga. Ndinalowanso m'galimoto. Anatchula mtengo wina, ndinavomera.

Tinatuluka m'tauni, tinadutsa minda ndi ngamila zingapo zomangidwa m'mbali mwa msewu. Chitundacho chinaonekera patali, chopanda chilichonse chokopa, ngati chulu chachikulu chophwanyika. Pa geti panali bambo wina wovala chipewa chobiriwira, akukoka chitseko. Pamalo oimika magalimoto panali patatsala galimoto yake yokha. Wa takisi anandisiya n'kutembenuka.

Bamboyo, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti dzina lake ndi Salimu, anandiuza mwaulemu m'Chingerezi kuti atseka, ndibwere mawa. Ndinayamba kufotokoza, koma mawu ankatuluka osakanikirana, Chingerezi, Chichewa ndi Chitumbuka pamodzi. Ndinangokhala pansi pa fumbi patsogolo pa geti. Anagwada n'kundiuza kuti ndiyambirenso pang'onopang'ono. Ndinamuuza za adada, za ntchito yawo, za lole yothyoka. Anafunsa ngati bambo angawo amakumba ndi manja. Nditavomera, anayang'ana dzuwa, anaimba foni kwinakwake, analankhula mwachidule, kenako anatsegula kachitseko kakang'ono.

Tinayenda mofulumira. Tinadutsa guwa la nsembe la miyala lokhala ndi nyanga m'makona, n'kukwera kanjira kopita ku chipata cha mzinda wakalewo. Kutsogolo kunkaoneka makoma afupiafupi a nyumba ndi tinjira ta pakati pake. Chitsime chinali kunja kwa chipata, pambali pa kamtengo ka masamba ang'onoang'ono ngati singano. Salimu anati ndi mtundu wa mtengo umene Abrahamu anabzala. Baibulo lathu limautchula kuti bwemba, koma sufanana n'komwe ndi bwemba wa kwathu.

Pakamwa pa chitsimecho anatchingapo ndi zitsulo zolukana. Ndinagwada n'kusuzumira. Pamwamba panali miyala yosanjidwa bwino mozungulira, kenako mdima wokhawokha. Salimu anandiuza kuti akatswiri sagwirizana za zaka zake, ena amati chinakumbidwa Abrahamu atamwalira kalekale. Ndinamumva, koma nthawi yoganizira zimenezo ndinalibe. Ndinaimba foni ya Wongani.

Sinapezeke. Ndinaimbanso, sinapezeke. Ndinaimirira, ndinakwera pa mwala, ndinaimbanso, ngati vuto linali kumbali yanga. Ndinaimbira amalume a ku Lufita, amene Wongani anawauza kuti akadikire pachipatala. Anati ali pageti kuyambira masana, ndipo palibe galimoto yochokera ku Nthalire imene yalowa. Ndinaimbira mkazi wa Wongani kumudzi, foni yake inali yozima.

Ndinali nditafika, ndili pachitsime penipeni, dzanja lili pa mwala wake, koma wondimva panalibe.

Salimu anadikira osandifulumizitsa. Kenako anandiuza kuti ndijambule mawu, adzawamva netiweki ikapezeka. Anatenga botolo langa la madzi n'kundiuza kuti ndiike foni pa zitsulo zija. Ndinayamba kulankhula. Ndinawauza adada kuti ndafika. Ndinawauza kuti kukamwa kwake munthu atagona chopingasa akhoza kukwanamo, kuti miyala yake ndi yosasema, yoyera, yosanjidwa popanda simenti. Kenako ndinati amvetsere. Salimu anathira madzi. Kunali zii. Ndinaganiza kuti madziwo athera m'mbali, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule, iye n'kukweza chala. Patapita kanthawi, pansi penipeni panamveka kaphokoso kakang'ono ngati mvula ikuyamba pa denga lakutali.

Ndinatumiza. Uthengawo unachoka kwa ine koma sunafike kwa Wongani. Ndinauyang'anitsitsa mpaka dzuwa linafiira. Salimu anati sangathenso kuchedwa, ayenera kukhoma.

Kunja kwa geti ndi kumene ndinakumbukira kuti basi kulibe mpaka mawa madzulo, ndipo ndalama zotsala sizikanakwana takisi kapena chipinda. Salimu anali wa mtundu wa Abeduwini, Aluya a m'chipululu, Msilamu, ndipo kwawo kunali m'tauni yaing'ono yoyandikana ndi chitundacho. Ananditengera kwa amayi ake. Mayiwo sitinkamvana chilankhulo. Anandipatsa tiyi wotsekemera kwambiri ndi mkate wopyapyala, ndipo ataona kuti sindikudya sanandikakamize. Anandiyalira m'chipinda cha ana awo aakazi, anandipezera chaja, n'kukhala pafupi nane akupemphera mapemphero awo. Amalume ndinawaimbira mpaka foni yawo inasiya kulowa, adada asanafikebe. Tulo sindinatione. Ndinali nditayamba kale kuganiza za amene adzakumbe manda a munthu amene anakumbira anthu onse zitsime.

Kutacha, Salimu ankapita kuntchito, poti malowo Loweruka amatsegula. Ndinalibe kwina kopita, ndinapita naye. Mabanja anayamba kufika ndi ana, akuvala zipewa zolimba kuti atsikire m'mapanga osungira madzi a pansi pa mzindawo. Ine ndinakhala pansi pa kamtengo kaja, foni ili m'manja. Wotsogolera alendo wina anabwera ndi gulu lake, anathira madzi m'chitsime, anthu anadikira, anaseka, anapita.

Foni inalira dzuwa litakwera ndithu. Inali nambala yachilendo ya ku Malawi. Ndinaiyang'ana ikulira, chala chikukana kuyankha, chifukwa uthenga wa maliro nthawi zambiri umabwera pa foni ya munthu wina. Nditayankha, anali Wongani, atabwereka foni ya wodikirira wodwala mnzake.

Anati anaimadi pakati pa msewu mpaka kunabwera kagalimoto ka anthu ochokera kumaliro ku Wenya. Kanali kodzaza, koma azimayi awiri anatsika kuti adada agone, n'kunena kuti iwo agona pa Chisenga kwa abale. Anafika ku boma kutada, ndipo adada analowa nawo kuchipinda cha opaleshoni nthawi yomweyo. Anawadula kachigawo ka matumbo kamene kanali katawonongeka. Dokotala anati masiku oyambawa ndi ofunika kuwayang'anira kwambiri, koma atsitsimuka. Foni yake Wongani anali ataitchaja m'mawawo kwa wogulitsa mayunitsi kunja kwa chipatala, uthenga wanga unalowa, ndipo adada anaumvetsera mpaka mayunitsi ndi moto zinatheranso pamodzi.

Ndinatsamira kamtengo kaja. Ndinangomva Wongani akuti, "Akufuna alankhule nanu, koma pang'ono pokha, ali ndi paipi m'mphuno."

"Monile, adada."

"Yewo." Anapuma nthawi yaitali. "Uli kuti?"

"Ndili pachitsime pomwe. Ndinagona kufupi."

"Miyala ija yafika mpaka pansi?"

Ndinali ndisanayang'ane zimenezo. Ndinagwada pa zitsulo zija, ndinayatsa tochi ya foni, ndinaitana Salimu kuti andithandize. Ndinawauza adada kuti miyala yosanja yathera chapamwamba, kuchokera pamenepo mpaka pansi anaboola thanthwe lokhalokha.

"Thanthwe," anatero. Ndinamva akupuma movutikira. "Anthu amenewo anavutika. Mpweya umatha pansi pamenepo."

Wongani ankawauza kuti zakwana, apume. Iwo anafunsanso ngati ndamwako madzi ake. Ndinati ayi, anatsekapo ndi zitsulo, palibe amene amatungamo.

"Chitsime chonsecho osatungamo," anatero adada, ndipo ndinamva kuti zawakhumudwitsa ndithu. "Basi, bwerera kusukulu. Udzamwa kuno."

Foni inabwerera kwa mwini wake. Ndinakhalabe chogwada pamenepo mpaka kamwana kena kanabwera kudzasuzumira pambali panga, n'kundifunsa m'chilankhulo chawo chimene ndataya m'dzenjemo. Basi yoyamba yobwerera ku famu inanyamuka kutada, ndipo Lamulungu m'mawa ndinali m'mizere ya tsabola.